Mafunso a Owerenga: Kodi Ndisinthitse Njinga Yamoto Imene Sinathe N'chaka Chomwe?

Makalata amene tasankha mwezi uno achokera kwa eni njinga zamoto amene akuganiza zosiya njinga zawo zidakali zatsopano kuti atenge za mtundu umene wangofika kumene m'masitolo. Monga mwa nthawi zonse, mayina a olemba tawasunga.

FUNSO

Akonzi, ine ndimachita kabaza wa njinga yamoto ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe. Miyezi 7 yapitayo ndinagula TVS HLX 125 ya magiya anayi, yatsopano, pa mtengo wa K3,200,000, ndipo ndalamazo zinachokera ku soya amene tinagulitsa kumudzi pamodzi ndi zimene ndinkasunga pamene ndinkayendetsa njinga ya munthu wina. Njingayi sinandivutepo, oyilo ndimasintha pa nthawi yake, ndipo mapepala ake onse ali m'dzina langa. Tsopano kusitolo kumene ndinagula kwafika ya injini yokulirapo ya 150cc ya magiya asanu, ndipo anzanga awiri a pasiteji pathu atenga kale. Mwini sitoloyo wandiuza kuti akhoza kulandira yangayi pa K2,900,000, ine n'kuwonjezera K1,600,000 kuti nditenge yatsopanoyo, imene akugulitsa K4,500,000. Ine ndikuona kuti ndikutaya K300,000 yokha pa njinga imene yandidyetsa miyezi 7, koma mayi a kunyumba akukana, akuti ndangotengeka ndi anzanga. Kodi ndisinthitse kapena ndidikire?

Wakabaza, Area 25, Lilongwe

YANKHO

Bambo, zikomo chifukwa cholemba mitengo yonse momveka bwino, pakuti nkhani yotereyi imafuna cholembera ndi pepala. Ndinene poyera kuti mayi a kunyumba aona bwino, ndipo ine ndili kumbali yawo. Njinga ya miyezi 7 imene sinavutepo, imene mwaisamala nokha kuyambira tsiku limene inatuluka m'sitolo, ndiyo chuma chenicheni cha munthu wa kabaza, ndipo m'kalata yanu yonse sindinapezemo vuto limene njinga yatsopanoyo ikubwera kudzathetsa.

Pamene masamu anu apotoka ndi pa K300,000 ija. Mwachotsera mtengo umene akukupatsani lero pa mtengo umene munalipira miyezi 7 yapitayo, ngati kuti kwacha ya nthawi imeneyo ndi kwacha ya lero zili ndi mphamvu zofanana. Njinga zamoto zimene timakwera m'dziko muno zimachokera kunja, za TVS ndi Bajaj ku India ndipo zina zambiri ku China, kotero amalonda amaziitanitsa ndi ndalama zakunja, ndipo dola ikavuta kupeza kapena kwacha ikagwa, mtengo wa njinga m'sitolo umakwera nthawi yomweyo, n'kukokera m'mwamba ngakhale mitengo ya njinga zogwirapo kale ntchito. Ambiri akukumbukira zimene zinachitika kwacha itatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Panali anthu amene anagulitsa njinga zawo pa mtengo woposa umene anagulira, n'kumayenda akusangalala kuti apindula, mpaka tsiku limene anapita kukafunsa mtengo wa ina n'kupeza kuti ndalama zawozo sizikufikanso. Zili ngati mlimi amene wagulitsa chimanga chake nthawi yokolola n'kukondwa ndi ndalama zimene wagwira, koma pofika Januwale ndalama zomwezo osakwanira kugula theka la matumba amene anatulutsa m'nyumba.

Choncho funso loyenera kukafunsa ndi lakuti HLX 125 yatsopano, yofanana ndendende ndi yanuyo, ikugulitsidwa zingati lero. Tiyerekeze kuti akuuzani K3,900,000. Pamenepo ndiye kuti njinga yanu akuilandira motsika ndi K1,000,000 poyerekeza ndi inzake yatsopano, kutanthauza kuti miyezi 7 yakudyerani pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo wake. Izi sizachilendo, chifukwa njinga imatsika mtengo kwambiri m'chaka chake choyamba, ndipo kutsika kwakukulu kumachitika pa tsiku limene yalembedwa m'dzina la munthu woyamba. Kuchokera pamenepo mtengo umatsika pang'onopang'ono. Inu mwalipira kale gawo lowawalo, ndipo mukasinthitsa tsopano mukalipiranso gawo lomwelo kachiwiri pa njinga yatsopanoyo, zonsezi chaka chisanathe.

Sindikunena kuti mwini sitoloyo akufuna kukuberani. Iye ndi wamalonda, ndipo njinga yanu akailandira ayenera kuitsuka, kuisunga, kuisakira wogula ndi kupezapo phindu, kotero sangakupatseni mtengo umene mnzanu wa pasiteji angakupatseni. Koma dziwani kuti pa malonda osinthitsa pamakhala mitengo iwiri, ndipo wogulitsa akhoza kukweza wina kuti abise winawo. Akhoza kukutamandirani njinga yanu n'kuitchula mtengo wosangalatsa, pamene mtengo wa yatsopanoyo wauimika pamwamba osachotsapo kalikonse. Njira yodziwira ndi yosavuta. Tumani mbale wanu amene kusitoloko sakumudziwa kuti akafunse mtengo wa ya 150 ija ngati munthu wodzagula ndi ndalama m'manja, anenerere mpaka pamene wogulitsayo aimire. Akakauzidwa K4,300,000, ndiye kuti yanuyo kwenikweni akuilandira pa K2,700,000, ngakhale pakamwa akunena K2,900,000. Chiwerengero chokhacho chimene sichinama pa malonda amenewa ndi ndalama imene mukutulutsa m'thumba kuti muwonjezere.

Tsopano tione K1,600,000 imeneyo, kuti ibwerera liti. Wokwera kabaza amalipira mtunda, ndipo mayi amene akuchokera kumsika wa Nsungwi ndi thumba la makala sadzawonjezera ndalama chifukwa chakuti injini yanu ndi ya 150. N'zoona kuti makasitomala ena amasankha njinga yooneka bwino, koma yanuyo ndi ya miyezi 7, ikuwala kale. Tiyerekeze mokomera njinga yatsopanoyo kuti izikupatsani K3,000 yowonjezera tsiku lililonse mutachotsa mafuta. Mukamagwira ntchito masiku 26 pamwezi, imeneyo ndi K78,000, ndipo kuti K1,600,000 ibwerere padzatenga miyezi yoposa 20. Pofika nthawi imeneyo kusitolo kudzakhala kutafika mtundu winanso, ndipo anzanu a pasiteji adzakhala akukamba za umenewo.

Nanga kusiyana kwa njinga ziwirizi n'kotani? Injini ya 150 ili ndi mphamvu yochulukirapo, ndipo mphamvuyo imaoneka pokwera chitunda mutanyamula munthu ndi katundu. Giya yachisanu imathandiza pa msewu watala wautali, pamene njinga ikuthamanga mosadukiza, chifukwa injini imazungulira mofatsa ndipo siilira kwambiri. Zikanakhala kuti mumanyamula anthu kuchokera ku Lilongwe kupita ku Mitundu kapena ku Nkhoma tsiku ndi tsiku, kapena mumagwira ntchito m'zitunda za ku Ndirande ndi Bangwe, tikanakambirana mwina. Koma Area 25 ndi madera oyandikana nawo ndi athyathyathya, maulendo ake ndi aafupi, odzaza ndi mabampu, maenje ndi anthu odutsa, ndipo giya yachisanuyo mudzailowa mwa apo ndi apo. Kumbali ina, injini yaikulu kawirikawiri imamwa petulo wochulukirapo, ndipo inu mukudziwa kuposa ine zimene zimachitika petulo akasowa, pamene lita iliyonse mumaipeza mutaima pamzere kapena mutaigula m'mabotolo pa mtengo wokwera. Zina zimene zimakopa maso pa mtundu watsopano, monga nyali yosinthidwa kaonekedwe, zomatamata za pathanki ndi potchajira foni, sizibweretsa ndalama, ndipo potchajira foni makaniko aliyense wodziwa za mawaya akhoza kukuikirani pa yanu yomweyo ndi ndalama yochepa.

Palinso ndalama zina zimene wogulitsa sanazitchule. Njinga yatsopano iyenera kulembetsedwa ku nthambi yoona za pamsewu, ya DRTSS, iyenera kukhala ndi nambala yake, satifiketi ya COF yosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu ndi inshuwalansi yake, pamene zonsezi pa njinga yanu munalipira kale ndipo zina sizinathe n'komwe. Onaninso laisensi yanu. Ya A1 imalola njinga zosapitirira 125cc, ndipo njinga ya 150 imafuna laisensi ya A, kotero ngati muli ndi A1 mudzayenera kukweza laisensiyo, apo ayi mudzakhala mukuyendetsa njinga imene simukuloledwa, zimene zingakuvutitseni pamaso pa apolisi apamsewu komanso kwa a inshuwalansi tsiku la ngozi. Pamwamba pa izo, injini yatsopano imafuna kuyendetsedwa mofatsa pa makilomita oyambirira, monga buku lake limanenera, osaithamangitsa ndiponso osaisenzetsa katundu wolemera, kenaka n'kuisintha oyilo msanga. Kwa munthu wa kabaza, masabata amenewo ndi a ndalama zochepa. Yanuyo inadutsa kale pamenepo, ndipo inadutsa ili m'manja mwanu, zimene palibe angakugulitseni.

Langizo langa ndi lakuti njingayi muisunge, muiyendetse zaka ziwiri kapena zitatu, mukusunga malisiti a oyilo ndi a makaniko m'kaenvelopu pamodzi ndi blue book, buku la umwini wa njingayo, chifukwa tsiku logulitsa mapepala amenewo amakweza mtengo. Ngati K1,600,000 ilipodi m'nyumba, khalani pansi ndi mayi muone ngati singakhale chiyambi cha njinga yachiwiri imene mnyamata wokhulupirika angamayendetse n'kumakupatsani ndalama pa sabata. Njinga ziwiri za 125 zimadyetsa banja kuposa imodzi ya 150.

FUNSO

Akonzi, ndine mayi wochita malonda a zovala za kaunjika mumzinda wa Zomba. Ndinatenga njinga yamoto pa ngongole ku kampani ina yobwereketsa, ndipo ndinaipereka kwa mnyamata amene amachita kabaza n'kumandipatsa ndalama pa sabata. Ndatsala ndi miyezi 5 kuti ndimalize kubweza, ndipo blue book ili kukampaniko. Mnyamatayu akundikakamiza kuti tisinthitse ndi ya mtundu watsopano, akuti makasitomala akumuthawa. Wogulitsa wina wanena kuti ndimubweretsere njingayo, ngongole yotsalayo aiphatikiza pa ngongole ya njinga yatsopano. Kodi zimenezi n'zololedwa, nanga n'zanzeru?

Mayi wa malonda, Zomba

YANKHO

Mayi, tiyambe ndi za kuloledwa. Malinga ngati ngongole sinathe ndipo blue book ili m'manja mwa okubwerekaniwo, njingayo ndi chikole, ndipo simungaipereke kwa munthu wina iwo osadziwa ndi kuvomereza. Tsegulani pangano limene munasaina, mwina mudzapezamo mawu oletsa kugulitsa kapena kusinthitsa njingayo ngongole isanathe. Kuyambira pamene dziko lino linakhazikitsa lamulo la 2013 lokhudza chikole cha katundu wosunthika, obwereketsa amatha kulembetsa chikole chawo m'kaundula wa boma, kotero njinga ikhoza kulondoledwa ngakhale yapita kwa munthu wachitatu, ndipo amene adzafunsidwe kuti anaitulutsa bwanji ndinu. Nkhani imene inali ya ngongole chabe ikhoza kufika kupolisi.

Njira yolongosoka, ngati mungafunedi kusinthitsa, ndi kupita nokha kukampaniko n'kupempha kalata yosonyeza ndalama yeniyeni imene yatsala mukati mutseke ngongoleyo lero, chifukwa nthawi zina imasiyana ndi kungowonkhetsa zopereka za miyezi yotsalayo. Ndalama imeneyo ilipiridwe kukampaniko mwachindunji, mulandire lisiti, kalata yotseka ngongole ndi blue book, ndipo pokhapo njinga isinthe manja. Musalole kuti wogulitsa atenge njinga n'kukulonjezani pakamwa kuti akalipira yekha, pakuti akachedwa ndi mwezi umodzi wokha, chilango cha kuchedwako chidzalembedwa pa dzina lanu.

Koma ngakhale zitaloledwa, sindikuona nzeru yake. Mwatsala ndi miyezi 5 yokha kuti ndalama zonse zimene njingayo imabweretsa zizikhala zanu. Kuphatikiza ngongole yakale pa yatsopano kukutanthauza kuti mudzalipira chiwongoladzanja pa ndalama za njinga imene mulibenso, ndipo ulendo wobweza umene munatsala pang'ono kuumaliza mudzauyambanso pachiyambi, ndi zopereka zokulirapo. Kwa munthu wa malonda a kaunjika, amene mwezi wina belo limatuluka labwino ndipo mwezi wina limatuluka la zinyalala, ngongole yaitali ndi yoopsa, chifukwa mwezi woipa umodzi ukhoza kukulanditsani njinga imene munaitaira zonse.

Za mnyamata wanuyo, mumumvere koma mufufuze. Iye ndi amene adzakwere njinga yatsopanoyo, pamene ngongole idzakhala yanu, choncho n'zomveka kuti akuifuna. Pitani pasiteji pake tsiku la msika muone ngati n'zoona kuti anthu akudumpha njinga yanu, ndipo muitengere kwa makaniko amene inu mwasankha kuti aione. Nthawi zina dalaivala amakakamiza kusinthitsa chifukwa akudziwa kuti injini wayamba kuiwononga, mwina poyenda ndi oyilo wakutha kapena posenza katundu wopitirira muyezo, ndipo akufuna ichoke vutolo lisanaonekere. Ngati vuto ndi mpando wong'ambika, magalasi osweka ndi chipewa chalitsiro cha wokwera, zimenezo zimakonzeka ndi ndalama ya sabata imodzi. Ndipo ngati akulimbikirabe, mufunseni kuti ndalama ya pa sabata adzaikweza ndi zingati mukagula yatsopanoyo, n'kulemberana. Yankho lake lidzakuuzani ngati iye mwini akukhulupirira kuti makasitomala adzachuluka.

FUNSO

Akonzi, njinga yanga ndinaigula kutsidya kwa malire, ku Mozambique, miyezi 4 yapitayo. Ndi yatsopano ndithu, koma ndilibe pepala lina lililonse kupatula lisiti la m'Chipwitikizi, ndipo ilibe nambala. Nditapita nayo kusitolo ku Dedza kuti ndisinthitse ndi ya mtundu wina, anakana kuilandira, ndipo munthu wina amene anavomera ananditchulira mtengo wochepa kwambiri. Kodi vuto n'chiyani pamene njingayo ikuoneka bwino?

Mlimi wa mbatata ya kachewere, Dedza

YANKHO

Bambo, vuto silili pa njinga koma pa mapepala. M'maboma a m'malire monga Dedza, Ntcheu ndi Mulanje muli njinga zambiri zolowa m'njira zachidule, ndipo zimatchipa chifukwa msonkho wa MRA sunaperekedwe. Amene angalandire njinga yanu ndiye adzasenze msonkhowo pamodzi ndi chiopsezo choti akhoza kulandidwa pa rodibuloko iliyonse, choncho amachotseratu zonsezo pa mtengo, n'kuwonjezerapo za mantha ake. Wamalonda wa sitolo yolembetsedwa amakana chifukwa njinga yopanda mapepala sangaisiyanitse ndi yakuba, ndipo kulandira katundu wakuba ndi mlandu pa malamulo a dziko lino. Kuba njinga zamoto kwachuluka, ndipo ena mwa anyamata a kabaza ataya miyoyo yawo chifukwa cha njinga, kotero musadabwe kuti anthu akusamala.

Lisiti lanulo lisungeni bwino, ndipo onani ngati nambala ya chasisi ndi ya injini zolembedwa pamenepo zikufanana ndi zimene zinadindidwa pa njingayo. Ya chasisi mudzaipeza pakhosi pa njinga, pansi pa mahandulo, ndipo ya injini ili m'mbali mwa injiniyo cha m'munsi. Pitani ku ofesi ya MRA ku Dedza konko mukafunse msonkho umene mukuyenera kulipira, kenaka apolisi aione n'kutsimikizira kuti si yobedwa, ndipo mukatero mukailembetse ku DRTSS. Mukawonkhetsa ndalama zonsezi mudzaona mtengo weniweni wa njinga yanu, ndipo mwina mudzapeza kuti mutailembetsa simukufunanso kuisinthitsa, chifukwa idzakhala ikuyenda mwaufulu mpaka ku Lilongwe. Chimene ndikukuletsani ndi kusinthana ndi munthu wamba njinga yopanda mapepala ndi inzake yopanda mapepala, chifukwa yanuyo mukudziwa kumene inachokera, koma ya mnzanuyo simukudziwa.

FUNSO

Akonzi, ndimakhala kumapiri a ku Neno ndipo ndimagula mbewu m'midzi n'kukagulitsa pa boma. Miyezi 6 yapitayo ndinagula njinga ya 100cc chifukwa ndiyo imene ndalama zanga zinakwanira. Ndikanyamula matumba awiri imalephera kukwera zitunda, ndimachita kutsika n'kumakankha, ndipo mapuleti a kalachi ndasintha kale. Ndikufuna kuisiya kusitolo ku Blantyre n'kuwonjezera ndalama kuti nditenge ya 150. Anzanga akuti ndikutaya ndalama. Inu mukuti bwanji?

Wogula mbewu, Neno

YANKHO

Bambo, inu sinthitsani, ndipo musachedwe. Nkhani yanu ikusiyana ndi ya mnzathu wa ku Area 25, chifukwa inu munagula njinga yochepera ntchito yanu. Injini ya 100cc inapangidwira kuyenda mopepuka ndi kusunga mafuta, ndipo mukamaikakamiza kukwera zitunda za ku Neno ndi matumba awiri a makilogalamu 50, kuwonjezerapo thupi lanu, imatentha, kalachi imapsa, tcheni ndi masipulokete zimatha msanga, ndipo mwezi uliwonse umene mukuchedwa ukutsitsa mtengo umene mudzaigulitsire. Ndalama imene mungataye posinthitsa lero ndi yochepa poyerekeza ndi imene mudzataye injiniyo ikadzatsegulidwa, chifukwa njinga imene yatsegulidwapo injini ogula amaithawa. Ndikupempheni chabe kuti ngakhale pa ya 150 musapitirize muyezo wa katundu umene buku lake likunena, makamaka potsetsereka, pamene mabuleki ndiwo amasenza zonse.

Musanasankhe pakati pa kusiya kusitolo ndi kugulitsa nokha, yesani njira zonse ziwiri. Njinga ya 100cc ya miyezi 6 ili ndi msika wabwino kwa anyamata a kabaza a m'madera osakwera, monga ku Balaka kapena kuchigwa cha Shire, ndipo mukaigulitsa nokha mudzapeza zochulukirapo kuposa za kusitolo. Koma njira imeneyi ili ndi zoopsa zake. Musapereke makiyi kwa munthu wosamudziwa kuti akaiyese yekha, kumanirani pamalo a anthu ambiri masana muli ndi mboni, ndipo ndalama zikatumizidwa pafoni kapena kubanki, onani nokha kuti zalowadi mu akaunti yanu, chifukwa mauthenga abodza onena kuti ndalama zafika apusitsa anthu ambiri. Choopsa china ndi nthawi imene imadutsa pakati pa kugulitsa ndi kugula. Mitengo ikusintha msanga ndipo katundu amatha m'masitolo, kotero mukhoza kugulitsa Lolemba n'kupeza Loweruka kuti ya 150 yakwera kapena kulibe. Ubwino weniweni wosinthitsa kusitolo ndi umenewu, wakuti zonse zimatha tsiku limodzi ndipo ntchito yanu siima. Ngati kusiyana kwa mitengo iwiriyo kuli kochepa, siyani kusitolo. Ngati kuli kwakukulu, perekani kaye ndalama yachikole pa njinga yatsopanoyo, akulembereni mtengo, nambala ya chasisi ndi tsiku lomaliza kudzaitenga, kenaka mukagulitse yanu.

Pa njinga yatsopanoyo, musakhutire ndi mawu akuti ndi mtundu wa chaka chino. Pa njinga zambiri zochokera ku China, nambala ya chasisi imakhala ndi zilembo ndi manambala 17, ndipo chakhumi chimasonyeza chaka, P kuimira 2023, R kuimira 2024 ndi S kuimira 2025. Njinga imene yakhalitsa m'nyumba yosungira katundu ikhoza kukhala ndi batire lofooka ndi matayala ouma ngakhale sinayendepo. Ndipo popeza mumakhala kutali ndi tauni, musanalipire yendani m'masitolo a zipangizo ku Limbe mufunse ngati mapuleti a kalachi, mapisitoni, zingwe za mabuleki ndi masipulokete a mtundu umenewo akupezeka, ndiponso funsani makaniko wa kwanu ngati amaudziwa. Mtundu umene wangofika kumene nthawi zina umatsogola, zipangizo zake n'kubwera mochedwa, ndipo njinga yodikira kachipangizo kamodzi kwa masabata atatu pa nyengo yogula mbewu ndiyo ingakugwetseni. Funsaninso kuti walanti, lonjezo la wogulitsa lokonza njingayo ikavuta, ndi ya miyezi ingati kapena makilomita angati, ikukhudza ziwalo ziti, ndipo ikufuna kuti njinga izikonzedwera kuti, pakuti ngati akufuna muzibwera nayo ku Blantyre pa sevisi iliyonse, ulendowo muuwerengere pa mtengo.

Chomaliza ndi dzina limene lili pa blue book, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amasiya njinga kusitolo pamodzi ndi mapepala ake, n'kunyamuka ndi yatsopano mosangalala, pamene m'kaundula wa magalimoto wa DRTSS, wotchedwa MalTIS, njinga yakaleyo idakali m'dzina lawo. Wasitolo amaigulitsa kwa wina, winayo kwa winanso, osasintha umwini, ndipo tsiku limene njingayo yagunda mwana pamsewu kapena yagwiritsidwa ntchito pa umbava, apolisi amatsata nambala n'kufika pakhomo pa mwini woyamba. Lemberanani pangano losonyeza tsiku ndi ola limene mwapereka njingayo, nambala yake ya pamsewu, ya chasisi ndi ya injini, makilomita amene yayenda, mtengo umene ailandirira ndi ndalama imene mwawonjezera, lisainidwe ndi inu, wasitoloyo ndi mboni ziwiri, ndipo lidindidwe chidindo cha sitoloyo. Jambulitsani blue book musanaipereke, dziwitsani a inshuwalansi kuti njingayo yachoka m'manja mwanu, ndipo gwirizanani tsiku lopitira limodzi ku ofesi ya DRTSS ku Blantyre kukasintha umwini. Wasitolo akanena kuti adzasintha akapeza wogula, zimenezo zilembedwe m'panganomo pamodzi ndi tsiku lomaliza, ndipo tsikulo likakwana mupite nokha ku ofesiko ndi chiphaso chanu kukaona ngati dzina lanu lachotsedwadi.